Hotspot ikavuta muli pa ntchito, yambani mwapeza pomwe paduka

Funso ili ndaliyankha mpaka pakamwa pauma: "Hotspot yanga ikuvuta, nditani?" Limakonda kubwera patatsala mphindi zisanu kuti msonkhano wa pa Zoom uyambe, munthu atazimitsa kale foni katatu, laputopu kawiri, mtima uli m'mwamba. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi, wofunsa aliyense ndizingomulozera pano.

Musanadine kalikonse, gwirani ichi. Hotspot, yomwe ndi njira yogawira laputopu intaneti ya pa foni, ili ndi milatho iwiri. Woyamba ukuchoka pa nsanja ya kampani ya mafoni kufika pa foni yanu. Umenewo ndiwo mumauona ngati 3G, 4G kapena 5G. Wachiwiri ukuchoka pa foni kufika pa laputopu, ndipo ndi Wi-Fi wamba. Timizere ta Wi-Fi pa laputopu timangonena za mlatho wachiwiriwu basi. Tikhoza kudzaza tonse foni ili pambali panu, pomwe kunsanja kulibe chomwe chikubwera. Anthu ambiri amataya ola lathunthu akukanda pomwe sipakuyabwa chifukwa sanayambe afunsa kuti mlatho wothyoka ndi uti.

1. Yesani intaneti pa foni penipenipo

Tengani foni yomwe ikugawa hotspot, tsegulani Chrome kapena Safari, mulowe pa tsamba lomwe simunalitsegule lero. Musayesere pa WhatsApp kapena Facebook. Mapulogalamu amenewa amasunga zinthu zakale n'kumakuonetsani ngati zonse zili bwino, komanso pali mabandulo ena omwe amangotsegula mapulogalamu ochezera okha. Munthu amaona mauthenga akulowa n'kumalumbira kuti data ilipo, chonsecho data yotsegulira china chilichonse idatha dzulo.

Tsamba likakana kutseguka pa foni, laputopu ilibe mlandu, isiyeni. Pitani pa 2 ndi 3. Likatseguka bwinobwino, dumphani mupite pa 4.

2. Ngati foniyo ilibe intaneti

Yatsani Airplane mode, muwerenge mpaka 20, muzimitse. Izi zimachititsa foni kusiya nsanja yomwe inakakamira n'kufunafuna mwatsopano, ndipo n'zachangu kuposa kuzimitsa foni yonse. Dziwani kuti hotspot imazima nayo limodzi, ndiye muiyatsenso.

Kenako onani kachilembo kali pambali pa timizere ta netiweki. Mukaona E kapena G, muli pa 2G, ndipo pamenepo msonkhano wa vidiyo iwalani. H kapena H+ ndi 3G, imayesako. Chomwe mukufuna ndi 4G, LTE kapena 5G.

Timizere tokha musatikhulupirire kwambiri, chifukwa kampani iliyonse yopanga mafoni imatijambula mwa njira yake. Pali nambala yoona. Pa Android ambiri ili mu Settings, About phone, kenako SIM status, pomwe palembedwa Signal strength. Pa iPhone imbani *3001#12345#* mufufuze mawu oti RSRP. Nambalayi imayamba ndi chizindikiro chochotsera, ndipo ikayandikira ziro ndiye kuti zili bwino. Pa 4G, -80 dBm ndi mphamvu yabwino, -100 yayamba kufooka, ikapitirira -110 mukungokakamiza. Yendani ndi foni m'nyumbamo mukuyang'ana nambalayi, muziima masekondi angapo pamalo aliwonse chifukwa simasintha nthawi yomweyo. Kawirikawiri malo abwino amapezeka pawindo la mbali imodzi yokha ya nyumba, kapena pamalo okwera.

Mukawapeza, foni isiyeni pomwepo. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amaika foni pafupi ndi laputopu poganiza kuti akuthandiza. Mlatho wa Wi-Fi umatha kudutsa chipinda chonse osadandaula, wovuta ndi wa kunsanja uja. Foni ikhale komwe netiweki ikugwira, inu mukhale komwe kuli tebulo.

3. Bandulo, APN ndi Data Saver

Funsani data yomwe yatsala, ndipo muwerenge mtundu wake, osangoona kuchuluka. Makampani ena amaika malire apadera pa data yogawira zipangizo zina, ena amachepetsa liwiro mukafika pa mulingo wina ngakhale bandulo itatchedwa yopanda malire. Chizindikiro chake n'chakuti pa foni zonse zikuyenda koma pa chipangizo chilichonse cholumikizidwa palibe chikutseguka. Zikatero palibe batani lomwe lingakuthandizeni, muyankhule ndi kampaniyo.

APN ndi dzina la khomo lomwe foni imalowera pa intaneti ya kampani yanu. Likalakwika, mafoni ndi mauthenga wamba zimayenda koma data ayi. Limakonda kusokonekera mukasintha simu khadi kapena ngati foni inagulidwa kudziko lina. Pa Android lowani pa Access Point Names musankhe Reset to default. Musakopere APN yomwe mwaiona pa intaneti ya kampani ina kapena dziko lina.

Kanthu kena kakang'ono: pa Android, Data Saver ikakhala yoyaka, hotspot siilola kuyaka. Batani lake limangotuwa osadinika kapena kuzima lokha. Zimitsani Data Saver, ndipo Battery Saver muizimitsenso pa nthawi ya ntchito.

4. Laputopu sikuiona hotspot, kapena ikukana kulowa

Wi-Fi ya hotspot imayenda pa 2.4 GHz kapena pa 5 GHz. Ya 5 GHz ndi yachangu ndipo simasokonezedwa kwambiri, koma sipita patali, ndipo malaputopu ena akale saiona n'komwe. Ngati foni ya mnzanu ikuona hotspot yanu koma laputopu yanu ayi, n'kutheka kwambiri kuti vuto ndi limeneli. Pa Android lowani m'makonzedwe a hotspot musinthe band ikhale 2.4 GHz. Pa iPhone 12 ndi zatsopano zonse yatsani Maximize Compatibility, imachita zomwezo.

iPhone ili ndi kakhalidwe kake. Ikakhala kanthawi popanda cholumikizidwa, imasiya kuonetsa dzina la hotspot kwa zipangizo zomwe si za Apple. Tsegulani tsamba la Personal Hotspot, musalitseke mpaka laputopu italowa.

Ikamaiona koma n'kumakana, iuzeni laputopu kuti iiwale netiwekiyo, pa Windows batani lake ndi Forget, kenako mulowenso polemba pasiwedi mwatsopano. Laputopu imasunga pasiwedi yakale n'kumangoiyesa mwakachetechete. Pasiwedi ya hotspot siingachepere zilembo 8. Ngati pa Security palembedwa WPA3 ndipo laputopu ndi yakale, sinthani pakhale WPA2. Dzina la hotspot lilembeni ndi zilembo ndi manambala wamba, popanda tizizindikiro kapena tinkhope tosekerera. Pa iPhone dzinali ndi dzina la foniyo, ndipo limasinthidwira mu General, About, Name.

Musachotse pasiwedi poganiza kuti zipepuka. Zipepukadi, koma kwa aliyense wokhala pafupi nanu.

5. Yalowa, koma ikuti No internet

Apa malangizo ambiri amangoti zimitsani muyatsenso, n'kukusiyani panjira. Tiyeni tiifunse laputopuyo mafunso atatu.

Pa Windows dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani cmd, mudine Enter. Pabwera kabokosi kakuda. Musaope, simuwononga kanthu. Lembani ipconfig, mufufuze gawo la Wi-Fi, muone mizere iwiri: IPv4 Address, yomwe ndi adiresi ya laputopu yanu, ndi Default Gateway, yomwe ndi adiresi ya foniyo. Pa Mac gwirani batani la Option mukudina chizindikiro cha Wi-Fi, muona zomwezo, kungoti foni imatchedwa Router.

Funso loyamba: kodi foni yapereka adiresi? Pa iPhone adiresi imayamba ndi 172.20.10, ndipo foniyo imakhala 172.20.10.1. Android akale ankakonda 192.168.43.1, atsopano amasinthasintha. Koma mukaona adiresi yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti laputopu inapempha adiresi, foni sinayankhe, laputopu n'kungodzipatsa yokha yopanda ntchito. Zimitsani hotspot muyatsenso, kenako lembani ipconfig /release, ikamaliza mulembe ipconfig /renew. Ngati adiresi ikuoneka yachilendo, yosafanana ndi ya foni ngakhale pang'ono, mwina winawake adailemba pamanja kuti igwire ntchito ku ofesi. M'makonzedwe a Wi-Fi, IP assignment ikhale pa Automatic.

Funso lachiwiri: kodi njira yotulukira kunja ndi yotseguka? Lembani ping 8.8.8.8. Ping ili ngati kuodira pakhomo n'kudikira woyankha, ndipo 8.8.8.8 ndi kompyuta ya Google yomwe imayankha usana ndi usiku. Mukaona Reply from, njira ilipo. Mukaona Request timed out kanayi konse pomwe adiresi ili bwino, foni sikudutsitsa data yanu. Bwererani pa 3, kapena muone ngati pa foniyo kapena pa laputopu pali VPN yoyaka, yomwe ndi pulogalamu yodutsitsa data yanu m'njira yotetezedwa.

Funso lachitatu: kodi mayina akumasuliridwa? Lembani ping google.com. Ngati 8.8.8.8 inayankha koma iyi ikuti dzinalo silikupezeka, vuto ndi DNS. DNS ili ngati bukhu la manambala: inu mumalemba dzina la tsamba, iyo n'kupeza nambala yake. Bukhulo likasowa, intaneti ilipo koma palibe tsamba lingatseguke. Lembani ipconfig /flushdns. Zikapanda kusintha, lowani m'makonzedwe a netiwekiyo muike DNS pamanja, 8.8.8.8 ya Google kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare.

Ngati zonse zitatu zayankha koma masamba akudandaula za chitetezo, onani tsiku ndi nthawi pa laputopu. Wotchi ikasokonekera masamba otetezedwa amakana kutseguka, ndipo munthu amatha kunyoza netiweki tsiku lonse chifukwa cha kalendala.

6. Zonse zikutseguka, koma pa msonkhano mawu akudukaduka

Ili ndilo vuto lenileni la wogwira ntchito pa hotspot, ndipo ndi lomwe anthu amalimvetsa molakwika kwambiri. Munthu amayeza liwiro pa Speedtest, kuona nambala yosangalatsa, n'kumadabwa kuti nanga anzake akumumva bwanji ngati akuyankhulira pansi pa madzi.

Msonkhano wa vidiyo sufuna liwiro lalikulu. Zoom imanena yokha kuti anthu awiri pa vidiyo ya 720p amafunika 1.2 Mbps kupita ndi kubwera, ndipo mawu okha safika ngakhale 100 kbps. Chomwe msonkhano umafuna ndi kukhazikika. YouTube imatunga vidiyo ya kutsogolo n'kusunga, ndiye netiweki ikapumira masekondi awiri inu simudziwa. Mawu a munthu yemwe akuyankhula panopa sangatungidwiretu. Kachidutswa kakachedwa, katayika.

Ndiye yezani kukhazikikako, ndipo muyeze milatho yonse iwiri nthawi imodzi. Tsegulani timabokosi takuda tiwiri, tikhale moyandikana. M'koyamba lembani ping -t kenako adiresi ya foni ija munaipeza pa Default Gateway. M'kachiwiri lembani ping -t 8.8.8.8. Ka -t kamatanthauza kuti isasiye mpaka mutadina Ctrl ndi C. Pa Mac simukafuna, ping imapitirira yokha. Zisiyeni ziyende kwa mphindi zosachepera zitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo vuto lamtunduwu silioneka pa masekondi khumi.

Yang'anani nambala yomwe ili pa time. M'kabokosi koyamba iyenera kukhala yaing'ono kwambiri, chifukwa foni ili m'nyumba momwemo. Ikamalumpha kufika m'mahandiredi kapena kumaduka, wodwala ndi mlatho wa Wi-Fi. Mwina mwatalikira, mwina pali khoma lochindikala, mwinanso mwazunguliridwa ndi ma Wi-Fi a anthu ena omwe akulimbirana 2.4 GHz. Bluetooth ndi uvuni wa microwave nazo zimayenda pa 2.4 GHz pomwepo. Mankhwala ake ndi kusamukira pa 5 GHz ngati laputopu ikulola, kapena chingwe, chomwe ndikamba pa 7.

Ngati koyambako kali phee koma kachiwiri n'komwe kakuvina, vuto lili pakati pa foni ndi nsanja. Musatengeke ndi kukula kwa nambala kokha. Manambala oyenda ngati 70, 74, 68, 72 ndi abwino kuposa oyenda ngati 40, 45, 900, 38, 1500. Oyambawo msonkhano uyenda, achiwiriwo ndi aja anzanu amati "mwazizira, bwerezaninso."

Tsopano funso n'lakuti akuvinitsa manambalawo ndani, nsanja kapena inu nomwe. Kawirikawiri ndinu. Pa netiweki ya mafoni njira yotumizira imakhala yopapatiza kuposa yolandirira. Laputopu ikangolowa pa hotspot imaganiza kuti yapeza Wi-Fi ya ulere: OneDrive, Google Drive, Dropbox ndi iCloud zimayamba kutumiza mafayilo, Windows Update nayo n'kuyamba kukoka zake. Mawu anu amakaima pamzere kumbuyo kwa fayilo yaikulu yomwe simukudziwa n'komwe kuti ikutumizidwa. Imitsani mapulogalamu amenewa limodzi ndi limodzi mukuyang'ana kabokosi kachiwiri. Manambala akangokhazikika, mwamugwira wakubayo.

Kuti zisabwerere, uzani Windows kuti data iyi ndi yowerengera. Lowani mu Settings, Network & internet, Wi-Fi, musankhe dzina la hotspot, muyatse Metered connection. Pa Mac chofanana nacho ndi Low Data Mode. Chenjerani: makonzedwewa amamatirira ku dzina la netiweki, ndiye mukasintha dzina la hotspot kapena kudina Forget, muyenera kuyatsanso. Onaninso pa foni kuti zalumikizidwa zipangizo zingati. Tabuleti yomwe munailowetsa mwezi watha imalowa yokha ikangomva dzinalo, n'kuyamba kutumiza zithunzi.

Nanga mukaimitsa zonse koma manambala osakhazikika, mphamvu ya netiweki ili bwino? Imeneyo ndi nsanja yadzaza. Nsanja imodzi imagawira anthu onse a m'deralo, ndipo timizere sitionetsa kuti mulipo angati. Mudzazindikira chifukwa vutolo limasunga nthawi, limabwera maola omwewo tsiku ndi tsiku, makamaka madzulo. Apa zochita n'zochepa. Zimitsani kamera yanu ndi HD, ndipo pa Zoom kapena Teams mutha kuletsanso vidiyo ya anzanu kuti muzingomva mawu. Yesani kusintha mtundu wa netiweki pamanja: pamalo pomwe 5G ndi yofooka, foni imangodumphadumpha pakati pa 5G ndi 4G, ndipo kuikhazika pa 4G kumathetsa kudukako. Koma yankho lokhalitsa ndi simu khadi ya kampani ina. Ine ndimaona kuti munthu amene malipiro ake amadalira hotspot sayenera kudalira kampani imodzi.

Kuzimitsa kamera kumapulumutsanso bandulo. Werengani nokha: 1.2 Mbps kupita ndi 1.2 kubwera, kwa ola limodzi, ndi data yopitirira pang'ono 1 GB.

7. Imayenda bwino kenako n'kungoduka yokha

Kumbukirani chomwe chinachitika pa foni nthawi yomwe inadukayo. Ngati wina anakuimbirani, chifukwa chake n'chimenecho. Pomwe palibe VoLTE, yomwe ndi njira yoyankhulira pa 4G, foni imatsikira pa 3G kapena 2G kuti ilandire woimbayo, ndipo pa 2G data imaima mpaka mutamaliza. Yatsani VoLTE ngati kampani yanu ili nayo. Pa mafoni ambiri a simu khadi ziwiri, wina akaimba pa layini yachiwiri data ya layini yoyamba imaima. Pa msonkhano wofunika, layini yachiwiriyo izimitseni kaye.

China ndi kutentha. Foni yogawa hotspot ikugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, kulankhula ndi nsanja ndiponso kuulutsa Wi-Fi, ndipo netiweki ikafooka imalimbikira kwambiri. Muonjezerepo kutchaja ndi dzuwa la pawindo paja ndakutumani. Apple imati iPhone igwiritsidwe ntchito pamalo osapitirira 35°C, ndipo foni iliyonse ikatenthetsa imadzichepetsera mphamvu kapena kuzimitsa hotspot. Ivuleni chikuto, ikhale pamthunzi, pamalo olimba, osati pa pilo.

Pa Android palinso batani lozimitsa hotspot pakapita mphindi zingapo popanda wolumikizidwa. Laputopu ikagona pomwe mwatuluka, mukabwera mupeza hotspot yazima. Lizimitseni batanilo.

Koma chomwe ndimalangiza aliyense wokhala pa tebulo tsiku lonse ndi chingwe cha USB. Lumikizani foni ku laputopu, pa Android muyatse USB tethering, pa iPhone muvomere ikafunsa za Trust. Mlatho wachiwiri uja wasanduka waya, mavuto a pa 4 onse atha, ndipo foni ikutchajidwa pomwepo. Misampha yake ndi iwiri. Zingwe zina ndi zotchajira zokha, zilibe mawaya a data, ndipo batani la USB tethering limangokhala lotuwa, losadinika. Sinthani chingwe musanaganize zina. Ndipo iPhone pa Windows imafuna kuti mukhale ndi iTunes kapena Apple Devices. Vuto la chingwe n'lakuti foni singakhalenso pawindo lakutali, ndiye ngati netiweki imagwira pamalo amodzi okha, musankhe: kusuntha tebulo kapena kukhalabe pa Wi-Fi.

8. Zonse zili bwino mpaka mutayatsa VPN ya kuntchito

Yambani mwatsimikiza: zimitsani VPN, tsegulani masamba, yatsaninso. Ngati vuto limabwera ndi VPN yokha, hotspot musaigwirenso.

Chizindikiro chodziwika n'chakuti VPN imalowa, mauthenga afupiafupi amapita, koma masamba akuluakulu ndi mafayilo zimaima pakati. Kawirikawiri imeneyo ndi nkhani ya MTU, kukula kwa phukusi la data lomwe njira ingalole. Mulingo wozolowereka ndi mabayiti 1500. Netiweki ya mafoni nthawi zina imalola ocheperapo, VPN nayo imaonjezera chikuto chake pa phukusi lililonse, ndiye maphukusi akuluakulu amakanirira pakhomo. VPN ili yozima, pa Windows lembani ping -f -l 1472 8.8.8.8. Ikakana, tsitsani nambalayo, 1440, 1400, 1372, mpaka iyankhe. Pa nambala yomwe yayankhayo onjezerani 28, ndiyo MTU ya njira yanu.

Ngati laputopu ndi ya kuntchito, lekerani pomwepo. Nambalayo ipatseni a IT, muwauze kuti muli pa hotspot, kuti popanda VPN zonse zikuyenda, ndi zomwe ping yaonetsa. Uthenga wotere amauyankha msanga kuposa woti "intaneti ikuvuta." Dziwaninso kuti VPN yoyaka pa foni nthawi zambiri siteteza laputopu yolumikizidwa pa hotspot; ya kuntchito iyenera kuyaka pa laputopu penipenipo.

9. Reset network settings

Ndaiika kumapeto dala, ngakhale ambiri amayambira pano. Imafufuta mapasiwedi onse a Wi-Fi omwe foni inasunga, makonzedwe a VPN ndi a APN omwe munalemba pamanja, ndipo pa Android imaiwalanso zipangizo za Bluetooth. Zithunzi ndi mafayilo sizikhudzidwa, bola muwerenge bwino musadine Factory reset kapena Erase All Content, zomwe zimakhala pafupi pomwepo. Windows nayo ili ndi Network reset yake, yomwe ikhoza kuchotsa VPN ya kuntchito, ndiye pa laputopu ya kampani funsani kaye.

Musanafike apa, bwerekani foni ya munthu wina kwa mphindi ziwiri mulumikize laputopu yanu, kenako mulumikize chipangizo china pa hotspot yanu. Chomwe chakana mbali zonse ziwiri ndicho muchite reset, chinacho chisiyeni.